Chilumba cha Réunion

Kum'mawa kwa Madagascar, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 700, kuli chilumba chotchedwa Réunion. Chili m'manja mwa dziko la France ndipo likulu lake ndi Saint-Denis. Chilumba chonsechi ndi nsonga ya phiri lomwe linatumphuka pansi pa nyanja kalekale, chiphalaphala chikuunjikana mpaka kutulukira pamwamba pa madzi.

Mapiri akuluakulu alipo awiri. Piton des Neiges, lotalika mamita 3,070, limaposa pang'ono Sapitwa wa ku Mulanje, koma moto wake unazima kale. Linzake, Piton de la Fournaise, silinagone. Limaphulika kawirikawiri, ndipo alendo ambiri amabwerera lomweli. Popita kumeneko munthu amadutsa Plaine des Sables, chipululu cha mchenga wofiirira chopanda mtengo ndi umodzi womwe. Mwamwayi, chiphalaphala chimakonda kutsetserekera kum'mawa, kudera losakhala anthu, ngakhale nthawi zina chimadula msewu wa m'mbali mwa nyanja n'kukagwera m'madzi, nthunzi ili tolotolo. Mu 1977 chinasiya njira yake n'kulowa m'mudzi wa Piton Sainte-Rose. Chinazinga tchalitchi, n'kulowa pakhomo, koma nyumbayo sinagwe. Ilipobe mpaka lero, miyala yakuda itaizungulira.

Komabe chimene chinasema chilumbachi ndi mvula. Mu Januwale 1966, namondwe atawomba, pamalo otchedwa Foc-Foc panagwa mvula yokwana mamilimita 1,825 m'maola 24 okha. Madera ambiri a ku Malawi salandira mvula yotere ngakhale chaka chathunthu. Madzi oterewa, pamodzi ndi kugumuka kwa phiri, anakumba zigwa zitatu zakuya ngati miphika: Salazie, Cilaos ndi Mafate. Salazie ndi kobiriwira, mathithi ali mbali zonse. Ku Cilaos amalimako mphesa, ndipo msewu wake uli ndi makona oposa 400. Wa chizungulire asakhale kumpando wakumbuyo.

Mafate ndiye yodabwitsa koposa. Kulibe msewu wa galimoto. Wofuna kukafika amayenda pansi m'tinjira ta m'maphompho, ndipo katundu wolemera amabwera pa helikopita. Kubisika kumeneku n'kumene kunakopa anthu oyamba kukhalako, omwe anali akapolo othawa m'minda ya azungu. Ambiri mwa akapolo a pachilumbachi anachokera ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique, ndipo ukapolo unathetsedwa pa 20 Disembala 1848. Alendo a lero amayenda m'zigwamo atanyamula zikwama kumsana, n'kumagona m'tinyumba ta eni midzi. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika mapiri ndi zigwazi pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse.

Wofuna kuona Mafate ali pamwamba, pamalo otchedwa Maïdo, alawire m'mamawa, chifukwa dzuwa likangokwera mitambo imadzaza chigwa chonse.