Kabati Yachitsulo Imayamba Kutha pa Chivindikiro

M'masukulu, m'zipatala zazing'ono ndi m'maofesi a madera m'boma lino muli makabati ndi mabokosi achitsulo ochuluka. Ena anagulidwa ndi ndalama za thumba la chitukuko, ena ndi thandizo lotukulira sukulu za pulayimale, ndipo ena anaperekedwa ndi mabungwe. Oyendera malowa amapeza chinthu chofanana pafupifupi paliponse: thupi la kabati likadali chilili, koma chitseko chinalendewera ndipo chimamangidwa ndi waya, kapena chivindikiro chinavindikuka m'ngodya, pakati pake pali chigamba cha dzimbiri pamene padakhalapo madzi.

Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, koma zosungidwa m'makabatimo si zazing'ono. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu m'chaka cha 1998, makomiti a m'madera ndiwo amasunga zambiri mwa zikalata za ntchito zawo: kaundula wa ophunzira, mabuku a ndalama, malisiti a zipangizo zomangira, mabuku ophunzirira ndi mankhwala. Malisiti akadyedwa ndi makoswe kapena akanyowa n'kufufutika, komiti imasowa choonetsa kwa olondoloza ndalama za boma, ngakhale kuti palibe amene anaba tambala. Motero makomiti opereka ntchito kwa amisiri ayenera kudziwa chimene chimasiyanitsa chivindikiro chabwino ndi chongopusitsa maso.

Chifukwa chimene chivindikiro kapena chitseko chimayambira kutha n'chosavuta kumvetsa. Makoma a kabati amagwirana okhaokha m'ngodya zonse, ndipo lililonse limachirikiza linzake. Chivindikiro chili chokha. Chimagwiridwa ndi mahinjesi mbali imodzi, chimatsegulidwa ndi kutsekedwa tsiku lililonse, chimamenyetsedwa, ndipo ngati chili chapamwamba, ana amachiyesa mpando.

Kuchindikala ndi kupinda

Anthu ambiri amadziwa mawu oti geji kuchokera ku malata ofolera nyumba, ndipo amadziwanso kuti nambala ikamakwera, lata limapyapyala. Lata la geji 28 silikwana theka la milimita. Limeneli ndi lofolera denga, osati lopangira chitseko cha kabati. Pa ntchito ya makabati amisiri amagwiritsa ntchito lata la geji 20, lomwe ndi pafupifupi mamilimita 0.9, kapena la geji 18, pafupifupi mamilimita 1.2. Popeza matebulo a mageji amasiyana pang'ono, n'kwanzeru kulemba mamilimita m'mgwirizano m'malo mongotchula geji.

Kuchindikala kumalimbitsa lata kwambiri. Lata lochindikala kawiri limakana kupindika kasanu ndi katatu kuposa linzake. Komabe njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Chitsulo chochindikala milimita imodzi chimalemera pafupifupi makilogalamu 7.85 pa sikweya mita iliyonse. Chivindikiro cha mita imodzi m'litali ndi masentimita 60 m'lifupi, chopangidwa ndi lata la mamilimita 1.2, chimayandikira makilogalamu 6 chisanaikidwe chilichonse. Chikachindikala kawiri chimapitirira makilogalamu 11, kulemera kumene kumavutitsa mahinjesi komanso kungathyole zala za mwana chikagwa.

Mmisiri wodziwa ntchito amapeza mphamvu m'kupinda, osati m'kulemera. Chitsanzo chake chili pamwamba pa nyumba zambiri. Lata lofolera ndi lopyapyala kwabasi, koma chifukwa cha mizere yake limagona pakati pa milimo popanda kukhota, pomwe lata losalala la kuchindikala komweko limapepesuka ngati chikopa. Chimodzimodzinso chivindikiro. Chikapindidwa m'mphepete monse mozungulira, mkombero wa mamilimita 20 kapena 25 kuloza pansi, chimasanduka ngati thileyi yozondotsa, ndipo chimauma moti munthu sangachipotokole ndi manja. Nsonga ya mkomberowo imapindidwanso kachiwiri kulowa mkati. Kupinda kwachiwiriku kumawonjezera mphamvu ndiponso kumabisa mpeni wa lata, umene ukasiyidwa poyera umacheka manja ndi kung'amba mayunifolomu.

Pakati pa chivindikiro chachikulu pamafunikanso chithandizo. Amisiri ena amapinda pang'ono kwambiri mizere iwiri yopingasana kuchokera ngodya kufika ngodya, kotero kuti pakatipo pamatukuka. Izi zimaletsa lata kugubuduka likakanikizidwa, komanso zimathandiza kuti madzi asaime. Pa chitseko chachitali amamatira mkati mwake nthiti ya lata lopindidwa, yoyenda kuchokera pamwamba kufika pansi. Pomatira nthitiyi pamaoneka luso la mmisiri. Lata lopyapyala likawotchereredwa mzere wautali mosalekeza, kutentha kumalikoka ndipo limapotoka osabwereranso. Wodziwa amangodontheza timfundo tating'ono motalikirana, akudikira kuti pazizire.

Palinso kanthu kena kamene kamalakwitsa amisiri atsopano. Lata likamapindidwa, kunja kwa khonalo kumatamuka, mkati kumafinyika, ndipo likachotsedwa pa makina limabwerera pang'ono. Choncho muyeso wolembedwa pa lata lathyathyathya sufanana ndendende ndi wa chivindikiro chomalizidwa. Njira yodalirika ndiyo kuyamba kupinda kachidutswa kotsala, kukayeza, ndiyeno n'kudula lata lenilenilo. Chivindikiro chiyenera kuposa thupi la bokosi ndi mamilimita awiri kapena atatu mbali iliyonse, poganiziranso utoto umene udzapakidwe. Chikathina chimapala utoto potseka, dzimbiri n'kuyambira pomwepo. Chikakhwepa chimalowetsa fumbi ndi mphemvu.

Njira ya madzi

Ambiri amaganiza kuti kabati yokhala m'nyumba ilibe chochita ndi mvula. Koma denga la kalasi kapena la chipinda chosungiramo katundu limadontha, ndipo kawirikawiri limadontha pa tchuthi cha Khirisimasi, mvula ili pachimake, pamalopo palibe munthu.

Lamulo lake ndi lomwe omanga nyumba amatsata: chapamwamba chiphimbe chapansi. Chivindikiro chiyenera kuvala thupi la bokosi kunja ngati chipewa, osati kulowa mkati mwake ngati chotsekera botolo, pakuti cholowa mkati chimasiya ngalande mozungulira imene imatengera madzi ku zosungidwa. Madzi alinso ndi khalidwe lokakamira pa chitsulo. Akafika m'mphepete mwa lata lathyathyathya sagwa msanga, koma amakwawira kunsi kwake n'kulowa. Mkombero woloza pansi uja umawadula njira, motero amadonthera kunja. Pa kabati ya zitseko, denga lake litulukire kutsogolo pang'ono ngati khonde, ndipo m'mphepete mwa khomo mupindidwe mlomo umene chitseko chimagundapo. Kabati yoima panja kapena pakhonde imafunika denga lopendekera kumbuyo. Denga lotere lili ndi phindu lina losayembekezeka: palibe amene amaunjikapo makatoni kapena kukhazikapo chidebe cha madzi.

Mpweya: kutsekereza kapena kulowetsa

Funso limene komiti iyenera kuyankha isanaitane mmisiri ndi lakuti m'kabatimo mudzasungidwa chiyani, chifukwa yankho lake ndilo limalamula mtundu wa chivindikiro.

Alimi amene ali ndi nkhokwe zachitsulo amadziwa mbali imodzi ya nkhaniyi. Nkhokwe imeneyi imagwira ntchito pokhapokha chivindikiro chake chikatseka mpweya kotheratu, ndipo n'chifukwa chake amachimanga ndi mphira wa chubu mozungulira. Mpweya wa mkati ukatha, anankafumbwe amafa. Koma chimanga chothiridwamo chiyenera kukhala chouma bwino lomwe, apo ayi chimawola.

Mabuku ndi mapepala amafuna zosiyana. Chitsulo chimatentha masana n'kuzizira msanga usiku, ndipo chinyontho chotsekeredwa mkati chimasanduka mame kunsi kwa chivindikiro. Mamewo amadonthera pa mapepala, nkhungu n'kumera. Vutoli limakula m'madera a m'mphepete mwa nyanja komanso kumapiri kumene chiperoni chimakhalitsa. Mankhwala nawonso amaopa kutentha. Pa mapaketi ambiri pamalembedwa kuti asungidwe pa kutentha kosapitirira madigiri 25 kapena 30, pomwe m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala kumatha kupitirira madigiri 40 ngakhale pamthunzi. Kabati ya zinthu zoterezi imafunika timawindo ta mpweya, tina m'munsi tina m'mwamba, kuti mpweya wotentha uzitulukira kumwamba. Timipata take tipendekere pansi kuti madzi asalowe, ndipo kumbuyo kwake kumatidwe waya wa sefa. Wayayu asaiwalike, pakuti kakhoswe kakang'ono kamadutsa pa mpata wa mamilimita 6 kapena 7, poti pangalowe pensulo.

Kumene kukufunika kutchinga fumbi, mphira womatidwa mozungulira mlomo wa kabati amathandiza. Amauma ndi kusweka pakapita zaka, choncho aikidwe mwa njira yoti angathe kuchotsedwa ndi kusinthidwa.

Mahinjesi, chogwiriziza ndi loko

Hinji yowotchereredwa pa lata lopyapyala lokha siikhalitsa. Kulemera konse kwa chitseko kumakoka pa kamalo kakang'ono, lata limatopa, kenaka limang'ambika mozungulira mfundoyo. Pamene pakukhala hinji payenera kuikidwa kachitsulo kochindikala kumbuyo, kogawa kulemerako. Chitseko chachitali ngati munthu chimafunika mahinjesi atatu, ndipo chivindikiro chachitali chimakhala bwino ndi hinji yaitali yoyenda mbali yonse.

Chivindikiro chotsegukira m'mwamba chisasiyidwe chopanda chogwiriziza. Chingapangidwe kuti chizitseguka kupitirira pang'ono poimirira chilili, tcheni n'kuchigwira kuti chisagwere kumbuyo, kapena chikhale ndi kandodo kachitsulo kochirikiza. Zogwiriziza zamakono zoyendera mpweya n'zokongola, koma zimafooka pakapita nthawi ndipo sizipezeka pa msika wa kumudzi. Kandodo wamba kangakonzedwe ndi wowotcherera aliyense, ndipo pa katundu wa anthu onse chimenecho n'chofunika kuposa kukongola. Mabokosi akuluakulu a m'sukulu za mkaka ndi za pulayimale asakhale ndi loko yodzitsekera yokha. Mwana akhoza kulowamo pobisalirana ndi anzake, chivindikiro n'kugwa, iye osatha kutuluka.

Pa chitetezo, loko yodula siithandiza ngati chogwirira chake chamangidwa ndi masikuluwu oonekera kunja, oti munthu angamasule mwakachetechete. Mabawuti akhale a mutu wosalala, manati ake ali mkati. Msomali wa hinji ukakhala kunja, nsonga zake ziwotchereredwe kuti usakhomedwe n'kutuluka. Chitseko chachitali chokhomedwa pakati pokha chimakanulidwa m'ngodya ndi chitsulo, n'chifukwa chake makabati a mankhwala ndi a ndalama amayenera loko yokankha ndodo ziwiri, ina m'mwamba ina m'munsi.

Dzimbiri limayambira pamene padulidwa, pabooledwa kapena pawotchereredwa. Lata lokutidwa ndi zinki limadziteteza, koma moto wowotcherera umapsereza zinkiyo, ndipo utsi wake umadwalitsa mmisiri akamagwirira ntchito m'chipinda chotseka. Malo opserera ayenera kupalidwa ndi kupakidwa utoto woteteza. Lata lakuda limafunika utoto woyamba wa red oxide kunja ndi mkati momwe, kufikira m'makwinya a mkombero, utoto wokongoletsa usanapakidwe.

Polemba mgwirizano ndi polandira katundu

Makomiti akamafananiza mitengo ya amisiri angapo, wotsika mtengo ndiye amakopa. Koma ngati kalata yoitanira mitengo yangonena kuti kabati yachitsulo imodzi, ndiye kuti amisiriwo sakupikisana pa chinthu chimodzi, ndipo wotsika mtengoyo nthawi zambiri wapulumutsa ndalama pa lata ndi mahinjesi. Kalatayo itchule kuchindikala kwa lata m'mamilimita, kukula kwa mkombero, chiwerengero cha mahinjesi, mtundu wa loko, timawindo ta mpweya ndi utoto. Ofesi ya za ntchito za zomangamanga ku khonsolo ingathandize kulemba zimenezi, ndipo amisiri ophunzitsidwa pansi pa TEVETA kapena m'makoleji a ntchito zamanja a m'madera amatha kuwerenga chojambula chokhala ndi miyeso.

Kuyesa katundu asanalipiridwe sikufuna zida zodula. Tochi yoyaka iikidwe mkati, kabati itsekedwe m'chipinda chamdima: paliponse potuluka kuwala ndi khomo la fumbi ndi tizilombo. Nyuzipepala iyalidwe mkati, madzi athiridwe pamwamba ndi kheni yothirira mbewu, kenaka aone ngati yanyowa. Chitseko chitsegulidwe ndi kutsekedwa kangapo ndi dzanja limodzi, osachikweza kapena kuchikankha ndi bondo. Kansalu kayendetsedwe m'mphepete monse, ndipo kakakodwa, pamenepo padzacheka munthu. Wina akanikize ngodya ya chitseko chokhoma kuti aone ngati ikukanuka. Zopezekazo zilembedwe m'maminitsi a komiti mmisiri ali pomwepo.

Makabati akale amene zitseko zake zinatha sayenera kutayidwa msanga. Ngati thupi lake silinabooke ndi dzimbiri, chitseko kapena chivindikiro chatsopano chimafuna lata lochepa kwambiri poyerekeza ndi kabati yathunthu. Mmisiri ayenera kukayeza pa kabati yeniyeniyo, ngodya ndi ngodya mopingasa, itaimikidwa pamalo osalala, popeza kabati imene yakhala zaka zambiri pa simenti yokumbika imakhala itapendekeka, ndipo chitseko chopangidwa ndi miyeso ya m'kalata yakale sichingalowe.