Mesenjala wa m'kompyuta adziwa dzina, nkhope saidziwa

Kalipentala sasula yekha misomali, amakagula. Nawonso anthu olemba mapulogalamu a kompyuta salemba zonse okha ai, amabwereka zidutswa zimene anzawo adalemba kale, monga zowerengera masiku kapena zotumizira uthenga. Koma kubwerekako kuli ndi lamulo lake. Pamwamba pa tsamba uyenera kulemba mzere wotchula phukusi limene ukutengamo chidutswacho, ndipo mzerewu amautcha import. Ukauiwala, ntchito yaima.

M'chinenero cha kompyuta chotchedwa Python, kuiwalaku kumabisala. Pulogalamu imayamba bwinobwino, nkudzagwa pokhapokha ikafika pa mzere wofuna chinthu chosabwerekedwacho, nkulemba kuti NameError. Tsono ngati mzerewo ndi wowerengera malipiro a pakutha pa mwezi, mudzaudziwa tsiku limene anthu ali pa mzere kudikira ndalama zawo. Nchifukwa chake padabwera zida ngati pyflakes, zimene zimawerenga pulogalamu isanayendetsedwe nkuloza dzina lililonse losadziwika kochokera.

Chinenero cha Go, chimene kampani ya Google idatulutsa mu 2009, ndiye chankhanza zedi. Ukaiwala import chimakana. Ukalemba import koma osaigwiritsa ntchito, chimakananso. Anthu adatopa nako kukwera ndi kutsika pa tsamba, mpaka mu 2013 a Brad Fitzpatrick adalemba kachida kotchedwa goimports, kamene kamaonjezera zosowa ndi kuchotsa zosafunika pakokha. Olemba Java anali nazo kale zotere: mu Eclipse ungodina Ctrl, Shift ndi O, basi zatheka.

Kunena zoona zida zimenezi nzabwino, ndipo amene amati wozigwiritsa ntchito ndi waulesi angofuna kutchuka. Kuloweza pamtima komwe kumakhala phukusi lililonse si nzeru ai, ndi ntchito ya mesenjala.

Koma mesenjala ameneyu, abale anga, amayendera dzina basi. Mutamtuma pa msika kuti akaitane a Phiri, akubweretserani a Phiri ndithu, kaya ndi ogulitsa usipa kaya ndi okonza njinga. Mu Java muli List ziwiri, ina ya java.util yosungira zinthu pa mndandanda, ina ya java.awt yojambula pa sikirini. Eclipse imafunsa kuti mukufuna iti, koma munthu wotopa amangovomera yoyamba. Izi nzochepa, poti cholakwacho chimaonekera msanga.

Zoopsa zili kumene a Phiri onse awiri amaitha ntchito mofanana. Mu Go muli mapukusi awiri otchedwa template, lina text/template, lina html/template. Onse amayankha malamulo amodzimodzi, ndipo pulogalamu imayenda ndi lililonse popanda kudandaula. Kusiyana kwake nkwakuti la html limayamba lasefa mawu amene mlendo walemba lisanawaike pa tsamba la intaneti, pomwe la text limangowaika momwe aliri. Mbava ikalemba malamulo ake m'bokosi lolembamo dzina, la text liwapititsa osafunsa. Chimodzimodzinso rand: la math/rand ndi la manambala a masewera ndi zoyeserera, la crypto/rand ndilo lopangira makiyi achinsinsi. Mukasokoneza apa, chitseko chioneka chokhoma pomwe loko wake ndi wa dothi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kukhulupirira dzina kudavulazapo kale akuluakulu, ngakhale kudali pa zida zina, zokatenga mapukusi pa intaneti. Mu February 2021 a Alex Birsan adaulula kuti adapeza maina a mapukusi amene makampani ankagwiritsa ntchito m'kati mwawo mokha, nkuika awo a maina omwewo m'nkhokwe za aliyense monga npm ndi PyPI. Makompyuta a makampani oposa 35, kuphatikizapo Apple, Microsoft ndi PayPal, adawatenga okha nkuwayendetsa. Mwamwayi bamboyu sanali wakuba, ankangoonetsa polowera, ndipo makampaniwo adamlipira ndalama zoposa madola 130,000.

Lero kwabweranso makina a AI olembera anthu mapulogalamu. Amenewa nthawi zina amapeka dzina la phukusi limene kulibeko, eti, ndipo wanjiru angathe kukalembetsa dzinalo nkumadikira. Mu 2025 chinyengochi adachipatsa dzina loti slopsquatting.

Chimene chimandinyansa ine ndi china. Mnzako akakupatsa pulogalamu kuti uione ngati ili bwino, maso amathamangira pakati pomwe pali masamu, mizere ya pamwamba ija nkuidumpha ngati mayina a alembi pa kalata ya boma. Opanga zida nawo akulimbikitsa khalidweli. Mukatsekula tsamba la Java mu IntelliJ IDEA, mizere yonse ya import imakhala itapindidwa kale kukhala kamzere kamodzi ka timadontho titatu, ndipo kuti muione muyenera kuchita kudinapo.