Musanagule rauta ya Wi-Fi kutsidya kwa malire, dziwani malamulo awa

Ino ndi nyengo imene alimi a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amakhala ndi kangachepe m'thumba akagulitsa fodya, soya ndi mbatatesi. Ena amagula njinga yamoto, ena malata, koma masiku ano ambiri akugulanso karauta ka Wi-Fi kuti pakhomo, pa golosale kapena pa ofesi ya gulu la alimi pakhale intaneti. Nthawi zambiri katunduyu amagulidwa m'misika ya m'malire monga ku Calómuè, Biri-Biri ndi Zóbuè. Funso n'lakuti: kodi kachipangizo kakang'ono ngati kameneka kamafunika kulembetsa ku boma?

Rauta ndi wailesi, ngakhale siyankhula. Imatumiza ndi kulandira mafunde a mumlengalenga pa 2.4 GHz ndi 5 GHz. Mafunde amenewa ali ngati madzi a m'ngalande ya kudimba: aliyense amathirira, koma wina akapatutsa ambiri, a kumunsi mbewu zimawaumira. Muno mu Moçambique, amene amayang'anira mafundewa ndi bungwe la INCM, lomwe likulu lake lili ku Maputo, motsatira lamulo la zamatelefoni, Lei n.º 4/2016.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amasokoneza.

Choyamba ndi kuvomerezedwa kwa chipangizo, kumene pa Chipwitikizi amati homologação. Mtundu uliwonse wa rauta, telefoni kapena wailesi yolankhulirana uyenera kuvomerezedwa ndi INCM usanayambe kugulitsidwa m'dziko muno. Ntchito imeneyi si ya mlimi wogula rauta imodzi, koma ya kampani kapena wamalonda amene akulowetsa katunduyo. Komabe dziwani kuti ku Malawi amavomereza ndi a MACRA, ku Zambia ndi a ZICTA, ndipo chilolezo cha kumeneko chimathera pa malire. Mukagula kutsidya, funsani ngati mtunduwo ndi wololedwa kuno.

Chachiwiri ndi mphamvu yake. Rauta ya m'nyumba imatchedwa ya mphamvu yochepa chifukwa mafunde ake sapita patali: amadutsa zipinda zingapo n'kuthera pabwalo. N'chifukwa chake mwini nyumba sachita kupempha chiphaso cha mafunde ngati mmene imachitira nyumba youlutsira mawu. Ku Ulaya ndi ku South Africa malire a 2.4 GHz ndi mamiliwati 100, pamene ku United States amalola mphamvu yoposa pamenepo. Motero rauta yopangidwira msika wina ikhoza kukhala yamphamvu kuposa mmene malamulo a kuno akulolera. Ngati ikufunsa dzina la dziko poyitchera, sankhani Moçambique. Musalole mnyamata wokonza mafoni kusankha dziko lina pofuna kuti “igwire patali”.

Chachitatu ndi ntchito imene mukufuna kuchita nayo. Mukakweza mlongoti padenga kapena pa mtengo wa bulugamu kuti intaneti ifike kumudzi wina, kapena mukayamba kugulitsa intaneti kwa anthu pa ola kapena pa tsiku, nkhani yasintha. Kugulitsa ntchito za mauthenga kumafuna chiphaso cha INCM. Izi zikukhudzanso amene ali ndi Starlink, yomwe idayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023: kulipira pamwezi sikukupatsani ufulu wogulitsa intanetiyo kwa anthu ena. Pitani kaye ku ofesi ya INCM mukafotokoze zimene mukufuna musanawononge ndalama.

Chenjeraninso ndi makina okokera netiweki ya foni, amene ena amawaika m'midzi momwe netiweki ya kutsidya imaposa ya kwathu. Amenewa si Wi-Fi. Amagwira ntchito pa mafunde amene boma lidapereka kwa Tmcel, Vodacom ndi Movitel, ndipo akaikidwa mwachisawawa amatha kusokoneza nsanja yonse. Mnzanu wofuna kuimbira ambulansi usiku kapena kulandira ndalama za soya pa M-Pesa ndi e-Mola ndi amene amavutika. Ngakhale pa 5 GHz, mbali ina ya mafundewa imagwiritsidwanso ntchito ndi makina oonera nyengo, ndiye mlongoti wotcheredwa molakwika ukhoza kuwasokoneza.

Lamulo limapatsa INCM mphamvu yoyendera, kulipiritsa chindapusa ndi kulanda zipangizo zosavomerezeka. Kwa mlimi amene wadikira chaka chathunthu kuti aone ndalama, kulandidwa katundu ndi kulipiranso chindapusa n'kutaya thukuta pachabe.

Choncho musanatulutse ndalama, chitani izi. Werengani dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wa chipangizo pa kapepala kamene kali pansi pake. Funsani wogulitsa ngati ndi chovomerezeka ndi INCM. Tengani lisiti ndipo musunge pamodzi ndi katoni yake. Ngati ndi gulu la alimi, sankhani munthu mmodzi wosunga mapepala onse. Wogulitsa akakana kupereka lisiti kapena akamazemba funso lanu, bwezani ndalama m'thumba, mukagule kwina.