Kukwera njinga uli ndi thupi kuli ngati kusenza ndowa

Ku Chisenga ndi m'midzi ina ya m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, njinga si choseweretsa. Ndiyo imapita kuchigayo, ndiyo imakatenga feteleza, ndiyonso imathamangira ndi wodwala kuchipatala. Koma bambo kapena mayi wathupi lake, amene wapitirira zaka 40 asanaikwerepo, kapena anailekera paunyamata, mukamuuza kuti ayambe amangoseka n'kunena kuti angaithyole.

Sangaithyole. Njinga yomweyo timaiona itasenza matumba awiri a chimanga, lililonse la makilogalamu 50, mwiniwake ali pachishalo. Njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief, kaliyala yake yokha anaipanga kuti izinyamula makilogalamu 100. Chitsulo sichidandaula. Chimene chimafuna kuphunzira ndi thupi, ndipo limaphunzira momwe mtsikana amaphunzirira kusenza madzi.

Palibe mayi amene amatwika mwana ndowa ya malita 20 tsiku loyamba. Amayamba ndi kachidebe, madzi akumukhavukira kumaso, manja onse ali pamwamba. Khosi limakhwima pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina mumamuona akubwera kuchokera kumjigo, ndowa ili thothotho, manja ali lende, akucheza ndi anzake. Inunso yambani ndi kachidebe. Pitani pabwalo la mpira la pasukulu ana ataweruka, tsitsani chishalo mpaka mapazi onse azifika pansi, ndipo muzingodzikankha ndi miyendo osapalasa. Mukayamba kuyenda kamtunda mapazi ali m'mwamba, phunzirani kugwira buleki. Kupalasa kubwere pambuyo. Mphindi 10 kapena 15 zakwana, mawa lake mupumule. Matako adzawawa ndithu masabata oyamba, ndipo palibe amene anazemba zimenezi.

Pa nkhani ya matakoyi ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amakulunga chishalo ndi siponji, masaka, ngakhale bulangete lakale, poganiza kuti chikafewa ndiye bwino. Funsani wosenza ndowa za nkhata. Ikakula kwambiri ndi kufewa, ndowa imagwedera ndipo khosi limatopa msanga. Nkhata yabwino ndi yopota zolimba, yokwana pamutu. Chishalonso chimafunika chotakata mokwanira mafupa awiri amene timakhalira, cholimba pang'ono, chokhala ndi masipuling'i pansi. Chofewetsa chimakumizani, nsalu n'kuyamba kukhula m'ntchafu mpaka kusupuka.

Mukazolowera, kwezani chishalocho. Khalani pamenepo, ikani chidendene papedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo lidzapinda pang'ono chabe. Anthu ambiri amene amati njinga inawapha maondo ankapalasa chishalo chili pansi, maondo akufika pafupi ndi chifuwa. Chishalo chikakhala pabwino, njinga imachitira chifundo munthu wonenepa kuposa kuthamanga, chifukwa kulemera kwake kumatsamira pachishalo, osati kumenyetsa maondo pansi nthawi iliyonse akaponda.

Pa njingapo, chimene chimamva thupi lanu ndi teyala lakumbuyo. Musanagule kapena kubwereka, werengani masipoko ake: akhale 36 kapena 40. Pitani nayo kwa wokonza njinga awakunge onse mofanana, chifukwa sipoko imodzi ikaduka zinzake zimatsatira ndipo limu imapindika. Popani mpweya wokwanira. Teyala lofewa likagunda mwala, chubu chimapanikizika pa limu n'kubooka mabowo awiri oyandikana, kenako mumayamba kunamizira minga.

Tsopano mapiri. Dera lino si Karonga wa m'mbali mwa nyanja. Nsonga za Mafinga zimapitirira mamita 2,300, ndipo mtsinje wa Luangwa umayambira komweko, kumbali ya Zambia. Msewu wa M9 wochokera pa Boma la Chitipa kudutsa ku Chisenga kulowera ku Nthalire uli ndi zitunda zake. Woyamba kumene amaopa chitunda. Koma chitunda n'chosavuta: chakukanikani, tsikani, kankhani. Anyamata onyamula makala amachita zomwezo tsiku lililonse ndipo palibe amawaseka. Ngati njinga yanu ili ndi magiya, ikani lopepuka miyendo izizungulira mwachangu, kusiyana ndi kukanikiza mwamphamvu mano ali gwa.

Choopsa ndi mtsetse. Mayi wosenza ndowa yodzadza amadziwa kuti potsika kanjira koterera ndi pamene amaponda mosamala, chifukwa katundu amamukankha kumbuyo. Munthu wolemera akamatsetsereka, liwiro limakwera msanga ndipo mabuleki amakhala ndi ntchito yaikulu kuposa ya mnyamata wowonda. Yambani kugwira mukadali pamwamba, liwiro lisanakule. Gwirani mabuleki onse awiri pamodzi, mofinya pang'onopang'ono. Lakutsogolo lokha, modzidzimutsa, pamchenga kapena pamiyala, lidzakuponyani. Mvula ikagwa, limu yachitsulo ikanyowa, mabuleki amachedwa kugwira. Njinga zina, monga Buffalo zambiri, buleki lake ndi lopondera pedulo cham'mbuyo, ndipo mwendo uyenera kuzolowera zimenezi pabwalo paja, osati pamtsetse. Amayi, chitenje chimangeni bwino kapena valani thalauzi mkati, chisalowe mutcheni.

Ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena shuga, kapena papita nthawi musanayezetse, yambani mwapita kuchipatala. Poyenda, dziyeseni ndi pakamwa: ngati mukutha kulonjera munthu ndi kumuyankha osabanika, liwiro lili bwino. Mukamva kuwawa pachifuwa kapena chizungulire, imani pomwepo. Bungwe la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, zomwe ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Kumeneko mudzafikako patapita miyezi, ndipo ulendo wa kumsika kapena kutchalitchi umawerengedwa momwemo.

Nthawi yabwino yoyambira ndi mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, matope atauma, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. M'mawa wa Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri moti zala zimachita dzanzi pahandulo, choncho dikirani dzuwa likwereko kuti manja athe kufinya buleki.