Kukwatitsa Mitundu ya Matimati M'dimba Pofuna Zipatso Zokoma

Alimi ambiri a m'madimba amadandaula kuti matimati aakuluakulu a mbewu zamakono sakoma m'ndiwo monga aang'onoang'ono aja ongomera okha kuseri kwa nyumba. Dandauloli lili ndi maziko. M'chaka cha 2017 akatswiri a ku University of Florida pamodzi ndi anzawo a ku China anayeza mitundu 398 ya matimati, ndipo anapeza kuti pamene opanga mbewu ankalimbikira kukula kwa chipatso ndi kuchuluka kwa zokolola, shuga ndi fungo zinachepa. Mlimi angathe kubwezeretsa kukomako pokwatitsa mitundu iwiri m'dimba mwake, koma mlangizi ayenera kumuuziratu kuti ntchitoyi imatenga nyengo zingapo.

Duwa la matimati lili ndi mbali yachimuna ndi yachikazi pamodzi, choncho limadzibereketsa lokha. N'chifukwa chake mitundu monga Moneymaker, Roma VF ndi Tengeru 97 sisintha msanga mlimi akamasunga njere zake. Pofuna kukwatitsa, mlimi asankhe umodzi wa mitundu yotereyi ukhale mayi, ndipo mtundu wokoma uja ukhale bambo. Mbewu yolembedwa F1 papaketi si yoyenera kuyambira, pakuti ndi yosakanizidwa kale.

Pa mtengo wa mayi asankhe duwa loti limasula mawa lake, lomwe timasamba take tangoyamba kusanduka tachikasu. Ndi singano kapena kachitsulo kopanira achotse mbali yachimuna yomwe yazungulira kamutu kachikazi, mosamala kuti kamutuko kasathyoke. Maluwa ena a pa tsango lomwelo awachotse. M'mawa wa tsiku lotsatira, mame atauma, agwedezere mungu wa maluwa omasula a bambo pa kambale kouma, kenaka aviike kamutu kachikazi kaja mu munguwo. Duwalo alimange ulusi ngati chizindikiro. Ntchitoyi imayenda bwino m'miyezi yozizira, popeza kutentha kwambiri kumawononga mungu.

Chipatso chikapsa, njere zake azisiye m'madzi ake omwewo masiku 2 kapena 3 kuti ziwire, kenaka azitsuke ndi kuziyanika pamthunzi. Mitengo yomera ku njerezi, yomwe ndi mbadwo woyamba, imafanana yonse ndipo nthawi zambiri imakula mwamphamvu. Apa m'pamene alimi ambiri amanyengedwa, poganiza kuti apeza mtundu watsopano. Njere za mbadwo woyambawu zikafesedwa, mbadwo wachiwiri umatuluka wosiyanasiyana, monga momwe Gregor Mendel anasonyezera pa nsawawa m'chaka cha 1866: wina wa zipatso zazikulu zosakoma, wina wa zazing'ono zotsekemera, ndipo owerengeka okha ndi omwe amatengera zabwino za makolo onse awiri.

Choncho ntchito yeniyeni ndi yosankha. Mlimi abzale mitengo ya mbadwo wachiwiri yochuluka monga momwe malo angalolere, ndipo aithirire ndi kuithira manyowa mofanana, chifukwa madzi ochuluka amasukulutsa kukoma. Zipatso zilawidwe zitapsera pamtengo, zaziwisi ndiponso zophikidwa m'ndiwo, ndipo amayi ophika ndi ogulitsa pamsika akhale nawo polawapo. Njere zitengedwe ku mitengo yokoma, yobereka bwino ndi yosagwidwa matenda, za mtengo uliwonse pazokha. Kusankha kotereku kubwerezedwe mbadwo uliwonse. Pofika mbadwo wachisanu ndi chimodzi mitengo imakhala itayamba kufanana, ndipo mlimi wobzala kawiri pachaka angafikepo m'zaka zitatu kapena zinayi.

Alangizi apemphedwa kuti asagawire alimi ena njerezi zisanakhazikike, ngakhale zitaoneka zabwino motani, pakuti wolandirayo akakolola zosiyanasiyana sadzakhulupiriranso uphungu wawo. Njere za makolo awiri aja zisungidwenso pouma, kuti mbadwo wina ukawonongeka ndi matenda mlimi akhale ndi poyambira.