Makina oona popapasa

Mwana wanga atakomoka ndi malungo kuno ku Dedza, adokotala anaona tizilombo m'magazi ake pa maikulosikopu. Anachira, koma funso linanditsalira: malungo amafika bwanji ku ubongo?

Yankho ndinalipeza nditawerenga za atomic force microscope, makina amene Gerd Binnig, Calvin Quate ndi Christoph Gerber anapanga mu 1986. Kansonga kake kamapapasa chinthu monga woumba mbiya apapasira dongo, kompyuta n'kujambula zomwe kakhudza, ngakhale ulusi wa DNA.

Makinawa amaonetsa tiziphuphu tomera pa maselo ofiira a magazi amene tizilombo talowamo. Tiziphuphuto timamatitsa maselowo m'mitsempha ya ubongo, magazi n'kumavutika kudutsa.

Makolo anzanga, mwana akatentha thupi, tisadikire mawa.