KODI MAKINA OKOKA MSANA AMACIRITSA?

Lero tikambirane za nthenda imene imagoneka amuna amphamvu, ndiyo kupweteka kwa msana. Bungwe la WHO, loyang'anira umoyo pa dziko lonse, linawerenga kuti m'caka ca 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi bvuto limeneli. Popeza odwala ndi ambiri cotere, ogulitsa cithandizo nawonso acuruka, ndipo ena a iwo alikulengeza makina okoka msana amene, akuti, amaciritsa popanda opaleshoni. Musanapereke malipiro anu a pamwezi, tiyeni tione bwino nkhani imeneyi.

Msana ndiwo mafupa ang'ono-ang'ono osanjikizana, ndipo asanu a m'ciuno ndiwo amasenza kulemera kwambiri. Pakati pa pfupa ndi linzace pali kanthu kamene madotolo amacha disc. Nchito yace ikunga ya nkhata imene amai amaika pamutu posenza mtsuko. Kunja kwace nkolimba, koma m'kati mwace mofewa ngati phala. Munthu akamakula, kapena akanyamula colemera ali ciweramire, kapena akatha zaka pa makina ogwedeza thupi monga a pansi pa mgodi, kunja kwa nkhata ija kungang'ambike. Pamenepo zofewa zija zimaturuka ndi kupanikiza mtsempha wopita ku mwendo, ndipo ululu umatsika kucokera m'ciuno kufikira ku phazi, mwina pamodzi ndi dzanzi. Madotolo awiri a ku Boston, Mixter ndi Barr, ndiwo anafotokoza bwino zimenezi m'caka ca 1934.

Kukoka msana si nzeru yatsopano ai. Hippocrates, sing'anga wa ku Greece, anali kukoka odwala ndi zingwe pa thabwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Makina a masiku ano, amene anafala ku America m'zaka za m'ma 1990, amayendetsedwa ndi kompyuta. Wodwala amagona pa kama atamangidwa lamba m'ciuno, ndipo makinawo amakoka pang'ono-pang'ono, naleka, nakokanso, kwa mphindi ngati 30. Kawiri-kawiri amauzidwa kuti abwere maulendo 20 kapena oposa, ndipo ulendo uli wonse ngwolipira. Eni makina amati kukokako kumatanimphitsa mafupa kuti zofewa zija zibwerere m'malo mwace.

Mau amenewa ngokoma m'khutu, koma nanga umboni uli kuti? M'caka ca 2013 akatswiri a bungwe la Cochrane anasanthula zofufuza 32 zokhudza odwala oposa 2,700, napeza kuti kukoka msana kumathandiza pang'ono cabe, kapena sikuthandiza konse. M'caka ca 2016 bungwe la NICE, lolangiza zipatala za ku England, linauza madotolo kuti asamakoke odwala msana. M'caka ca 2023 WHO nayonso inanena cimodzi-modzi za msana wopweteka miyezi yambiri.

Wina adzafunsa kuti, nanga bwanji mnzanga anacira atapita ku makina? Yankho ndi ili: anthu ambiri a nthenda iyi amapeza bwino pa masabata 6 kufikira 12, pakuti kutupa kumaphwa, ndipo thupi lokha limacepetsa zofewa zinaturuka zija. Tsono amene anayamba makina sabata lacitatu, nacira mwezi waciwiri, amathokoza makinawo, pamene nchitoyo yagwiridwa ndi thupi lace ndi nthawi.

Cimene cimathandizadi ncosafuna ndalama zambiri. Musagone pa mphasa masiku ambiri, cifukwa kugona kumaumitsa msana ndi kufoketsa minofu. Yendani pang'ono tsiku ndi tsiku, thowani ndi nsaru yofunda, imwani mankhwala a ululu monga akulangizani ku cipatala, ndipo funsani a physiotherapy kuti akuphunzitseni kulimbitsa minofu ya m'ciuno. Ku nchito pemphani kalata ya dotolo kuti akupatseni nchito yopepuka kufikira mutalimba. Ponyamula katundu pindani maondo ndi kuyandikiza katunduyo ku cifuwa. Odwala ofunika opaleshoni ndi owerengeka okha.

Koma mverani bwino apa, pakuti pali zizindikiro zosayenera kudikira. Ngati mkodzo ukana kuturuka, kapena mkodzo ndi cimbudzi zingoturuka zokha, ngati mumva dzanzi pakati pa miyendo, kapena miyendo ilikufoka, pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Kucedwa kungapundule munthu moyo wace wonse. Ngati msana upweteka pamodzi ndi kutentha thupi, kuonda ndi thukuta la usiku, kumbukirani kuti TB imalowanso m'mafupa a msana, ndipo amene mapapo ao anaonongeka ndi pfumbi la mumgodi imawagwira msanga. Kukoka msana wotere nkoopsya ndithu. Nkoopsyanso kwa mai wapakati, ndi kwa munthu wa mafupa othyoka kapena ofoka.

Cifukwa cace, abale anga, yambani mwapimidwa ku cipatala kuti mudziwe cimene cilikupweteka. Ndipo wina akakulonjezani kucira ndi makina, mfunseni poyamba mtengo wa maulendo onse pamodzi, ndiponso cimene adzacita ngati simupeza bwino. Tsalani bwino nonse.